Mtsempha wa Makwerero ndi Pakamwa pa Alamu

Lachinayi, pa 9 Novembala chaka chatha, munthu wamkulu wa imvi zake, wodziwa kuwerenga ndi kulemba, analowa yekha m'chipinda cha dokotala. Mmenemo anamva mawu amene anali a banja lonse, ndipo anatuluka atawapinda n'kuwaika m'thumba ngati ndi ake. Pa benchi ya pakhonde panakhala mkazi wa mng'ono wake, amene dzulo lake anali atangosanduka wamasiye. Mayiyu aliyense amangomuitana kuti Atelala. Ataona chitseko chikutseguka anadzuka.

"Alamu, akuti chiyani?"

"Ndi mtima, mlamu," anayankha akuluwo akuyang'ana kukhoma. "Mtima unangoima. Tiyeni tikaone za bokosi."

Ena adzati limenelo silinali bodza, poti mtima unaimadi. Mtima wa aliyense womwalira umaima. Koma choona chodulidwa pakati ndi bodza lovala jekete, ndipo limapha mwaulemu.

Atelala si munthu woti mbiri yake ingamveke patali. Anaphunzira kusoka kwa azakhali awo ali mtsikana, ndipo moyo wawo wonse authera m'kachipinda kamodzi, pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mafoni. Muli makina opalasa ndi phazi, tebulo lodulirapo nsalu, galasi losweka pakona, ndi dengu la zidutswa. Tepi yoyezera siichoka m'khosi mwawo. Munthu akangolowa, maso awo amakhala atamuyeza kale asanakhale pansi.

Mwamuna wawo anakumana naye momwemo. Tsiku lina pakhomo panada, kenaka panalowa mutu, mapewa n'kutsatira. Anali mnyamata wopenta nyumba, magalasi ake okhuthala ngati pansi pa botolo, atanyamula thalauza limene linkamulekeza m'misongolo.

"Achemwali, mungaliwonjezere miyendo ili?"

"Thalauzali lilibe mlandu," anatero Atelala. "Yofunika kudula ndi miyendo yanuyi."

Mnyamatayo anaseka mpaka kukhosomola. Pomuyeza, tepi inatha munthu asanathe, ndipo anachita kugwira ndi chala n'kuyambiranso. Atamuuza kuti atambasule manja, anapeza chinthu chimene anali asanachionepo pa kasitomala aliyense: kuchokera kunsonga ya chala mpaka kunsonga ya chala china kunali kutali kuposa kuchokera kumutu mpaka kuphazi. Zala zake zinali zazitali, zowonda, zopindika mosavuta, ndipo chifuwa chinali cholowa m'kati ngati mbale. Anzake a ntchito ankamutcha Makwerero, chifukwa denga limene ena ankalipenta atakwera, iye ankalifikira ataima pa chitini.

Anakwatirana, n'kubereka mwana mmodzi yekha, wamwamuna, amene anakula mothamanga mpaka ana anzake anamutcha Nsungwi. Atelala anakhala wosokera banja lonse la kuchimuna, poti m'sitolo munalibe chowakwana anthu amenewo. Onse anali aatali, ndipo ankanyada nako kutalikako. "Kwathu sitibereka zitsa," ankatero alamu aakulu pa ukwati uliwonse. Ankanyadiranso china chimene munthu wanzeru akanachita nacho mantha. Bambo awo anagwa podikira basi, imvi zisanamere. Mlongo wawo anapita atangochira kumene, khanda lili m'manja. Alamu akamakamba zimenezi ankatukula chifuwa: "Ife timagwa ngati mitengo. Sitivutitsa anthu ndi kutitembenuza pa mphasa." Anthu ankagwedeza mitu ngati amva nzeru. Palibe anafunsa kuti mitengo yake ikugweranji masamba ali obiriwira.

Makwerero anagwa masana a tsiku lowala bwino. Ankakweza ndowa yaikulu ya penti pa thabwa, ndipo anaisiya pakati. Anafika pa shopu ya mkazi wake atatuwa, thukuta lili chuchuchu.

"Mayi a mwana, china chake chang'ambika."

"Malaya?"

"Ayi, m'katimu. Mukudziwa mmene mumang'ambira nsalu mukangoidula pang'ono ndi sizasi? Chayambira pachifuwa, chatsikira kumsana, pakati pa mapewa."

Anamugoneka pa tebulo lodulira nsalu n'kuyamba kumusisita ndi mafuta, poganiza kuti wadzimphweteka ndi ndowa. Ali mkati mosisita anazindikira kuti dzanja lake lamanzere lazizira pamene lamanja likutentha. Wometa tsitsi anathamanga kukafuna galimoto. Kuchipatala anafika akupumabe, koma anatsirizika asanamuike pa bedi. Poti anali munthu wamphamvu amene anafa mwadzidzidzi, madokotala anati amupime kuti aone chamupha. M'mawa mwake anaitana wachibale. Atelala atati adzuke, alamu anawakhazika pansi ndi dzanja.

"Khalani, mlamu. Izi n'za amuna. Mwalira mokwanira."

Maliro atatha, alamu anachita chimene anthu onse anachiyamikira. Iwo ali ndi sitolo ya zomangira nyumba, ya simenti, malata ndi zitsulo. Anamutenga Nsungwi, amene anali atangokwanitsa zaka makumi awiri, n'kumulemba ntchito yotsitsa ndi kukweza katundu. "Mwana wa mng'ono wanga ndi wanga," anatero pamaso pa anthu. Atelala anagwada powathokoza, ndipo anasoka okha ovolosi ya mwana wawo, poti ya m'sitolo inkamulekeza m'zigongono. Mnyamatayo anaikonda ntchito. Anzake akamasenza thumba limodzi la simenti, iye ankafuna awiri, kuti asamamuseke kuti ndi wowonda. Madzulo ankabwera atayera ngati mzukwa, akuseka, nthawi zina akupuma mwabefu. Mayi ake ankati ndi fumbi.

Mvula inabwera n'kupita. Tsiku lina m'shopu munalowa mayi wamfupi, wa maso otopa, atanyamula chikhoti choyera chong'ambika thumba. Atelala sanamudziwe. Ali mkati molowetsa ulusi, Nsungwi anawerama pakhomo kudzatenga kiyi wa kunyumba. Anatambasula dzanja kudutsa tebulo lonse osasuntha phazi. Mayi wa chikhoti uja sanayang'ane nkhope yake. Anayang'ana zala, n'kuziperekeza ndi maso mpaka mnyamatayo anatuluka.

"Ndi mwana wanu ameneyu, mayi?"

"Ndi yekhayo."

"Bambo ake alipo?"

"Anatisiya mu Novembala."

"Anali opaka penti? M'zikhadabo munali penti wobiriwira?"

Phazi la Atelala linaima pa chopalasira. Mayiyo anadziulula kuti ndi dokotala amene amapima matupi ndi kuyang'ana minofu pa makina okulitsa tinthu tosaoneka ndi maso, ndipo ndi iye anapima Makwerero.

"Ndiye mnyamatayu munabwera naye kudzamuunika? Anapeza zotani?"

"Kumuunika chiyani, adokotala? Sakudwala."

Dokotala anakoka mpando wa makasitomala n'kukhala pansi.

"Achimwene awo sanakuuzeni?"

"Anati mtima unangoima."

"Mtima wa amuna anu unali wabwinobwino, mayi. Chinawapha ndi mtsempha waukulu umene umachoka mu mtima kutengera magazi thupi lonse."

Anafotokoza pang'onopang'ono, ndipo Atelala akukumbukira liwu lililonse. Khoma la mtsempha umenewo lili ndi magawo atatu, ngati jekete: kansalu kosalala ka m'kati kamene magazi amatsetserekapo, gawo lochindikala la pakati, ndi chikuto cholimba cha kunja. Mphamvu yonse ili pakatipo. Pali timaulusi totamuka toyalana mizeremizere, ndi timinofu tamoyo timene timatisamalira. Mtima ukapopa, khomalo limafutukuka, kenaka n'kubwerera. Limatero usana ndi usiku kuyambira munthu ali m'mimba.

Dokotala anapisa dzanja m'dengu la zidutswa n'kutulutsa lasitiki wakale amene Atelala anachotsa m'chiuno mwa siketi ya munthu. Anamukoka. Lasitikiyo anatalika, akulira pang'ono, osabwereranso.

"Mumamudziwa uyu."

"Wafumbwa. Timphira ta m'kati taduka. Kunja amaoneka bwino."

"Nditaika kachidutswa ka mtsempha wa amuna anu pa makina, ndinaona zomwezi. Timaulusi tija tinali titadukaduka. Timinofu tambiri tinali titafa. M'mipata yotsala munadzaza zinthu zonanda ngati guluu wosauma. Khoma lotero limayamba ndi kufutukuka osabwerera, mtsempha n'kumakula pang'onopang'ono ngati chibaluni, ndipo munthu samva kanthu. Tsiku lina kansalu ka m'kati kaja kamang'ambika. Magazi amalowa pong'ambikapo ndi mphamvu yonse ya mtima, n'kumasenda magawowo, kudzipangira njira yawoyawo m'kati mwa khoma. Kwa amuna anu anabwerera chakumtima, n'kuphulikira m'kathumba kamene kamakuta mtima. Mtima unapanikizika ndi magazi ake omwe. Inde, unaima."

"Anati chang'ambika," anatero Atelala motsitsa mawu. "Ine n'kumamupaka mafuta."

"Mafuta anu sanawaphe. Koma mvetsani ichi. Kwa okalamba khomali limatha kufooka ndi zaka, fodya ndi kuthamanga kwa magazi. Amuna anu sanali okalamba. Ndi msinkhu uja, zala zija, chifuwa chija, iwo anabadwa nawo ulusi wofooka, ndipo umayenda m'magazi a banja. Mwana aliyense wa munthu wotere akhoza kuutenga, akhozanso kuuphonya. Ndinawauza achimwene awo kawiri konse kuti abale onse a magazi amodzi abwere tiwaunike, iwo eni, ana awo, makamaka mwana wa malemu. Tikaupeza msanga pali mankhwala ochepetsa mphamvu ya kugunda kwa magazi, ndipo mtsemphawo ukakula kwambiri amausintha usanang'ambike. Ndinatinso pakadali pano asanyamule zolemera. Ndinapempha kuti akuitaneni, anati simuli bwino, akuuzani okha kunyumba." Anapinda lasitiki uja. "Mnyamatayu amagwira ntchito yanji?"

Atelala anayang'ana pansi, pamene fumbi loyera la mapazi a mwana wawo linali lisanasesedwe.

Dokotalayo nayenso ali ndi kake koyankha, poti khonde silinali kutsidya la nyanja ndipo akanatha kutuluka n'kumuona yekha wamasiyeyo. Koma iye sanabise kanthu. Anakhulupirira imvi, monga tonse tinaphunzitsidwira. Amati mawu a akulu amakoma akagonera. Ena akagonera amanunkha.

Kumutengera Nsungwi kuchipatala inali nkhondo. Anapita chifukwa mayi ake anakana kudya. Anamugoneka chammbali m'chipinda cha mdima pang'ono, n'kumupaka zoterera pachifuwa, ndipo bambo wounika anayamba kuyendetsa kachida kake akucheza.

"Akulu, kumwambako nyengo ili bwanji? Mvula imayamba kukunyowetsani inu ife tisanamve?"

Nsungwi anaseka. Kenaka nthabwala zinatha. Bamboyo anaimitsa chithunzi, anayeza, anafufuta, anayezanso. Atelala sankadziwa kuwerenga mithunzi imene inkaphethira pa galasipo, koma amadziwa tanthauzo la munthu woyeza kawiri malo amodzi.

Anawauza kuti mtsempha wa mnyamatayo wayamba kale kufutukuka pamene umachokera mu mtima. Sunafike poti achite opaleshoni, koma sulinso pa msinkhu wa munthu wa zaka zake. Anamupatsa mapiritsi a tsiku ndi tsiku, anamuuza kuti azibwera kudzayezedwa, ndipo anamuletsa kunyamula chilichonse chomuchititsa kugwira mpweya ndi kukukuta mano.

Atafika pakhomo Nsungwi anaphulika.

"Ndiye ndizigwira chiyani, amayi? Singano?"

"Singano inakulera iwe."

"Sindikumva kupweteka paliponse."

"Abambo akonso sankamva."

Madzulo omwewo anapita kwa bambo ake aakulu kukawauza, ndipo anabwerako nkhope itamasuka. Akuluwo anamuuza kuti madokotala amadya poopseza anthu, kuti bambo ake anapita poti tsiku lawo linakwana, ndiponso kuti mawa kukubwera lole ya simenti ndipo mwamuna sathawa ntchito chifukwa cha chithunzi. M'mawa Atelala podzuka anapeza ovolosi palibe pa msomali. Mapiritsi anali pa tebulo, osatsegula.

Sanatsegule shopu. Anayenda wapansi, tepi ili m'khosi poti anaiwala kuivula, kudutsa pa wometa tsitsi amene anawapatsa moni osayankhidwa. Lole anaiona ali patali, itaima chammbuyo pakhomo pa sitolo, fumbi loyera likufuka. Anyamata ankayenda mondondozana pa thabwa lotsetsereka. Mwana wawo sanavute kumupeza. Mutu wake unali pamwamba pa onse, thumba lili paphewa, mitsempha ya m'khosi itatupa ngati zingwe.

Alamu anakhala kuseri kwa kauntala, pakati pa mabokosi a misomali. Anavala malaya amene Atelala anawasokera, manja ake owonjezera. Dzanja limodzi linali kumsana, likusisita pakati pa mapewa, ndipo ataona mlamu wawo analichotsa msanga. Pambali pawo panakhala mwana wawo wamkazi, amene amathandiza kugulitsa, mtsikana wamtali wa zala zazitali amene anakwatiwa chaka chomwecho maliro atangotha. Anali woyembekezera, mimba itayamba kuoneka.

"Mlamu, mwalawira. Kwagwanji?"

"Alamu, tsiku lija kuchipatala, dokotala anakuuzani chiyani?"

"Pano ndi pa ntchito. Nkhani za pabanja tikakambe kunyumba."

"Kunyumba munali ndi miyezi yonseyi. Anakuuzani chiyani?"

"Mwayamba kumvera za m'misewu?"

"Ndamvera mwini wake amene anatsegula chifuwa cha mng'ono wanu. Ndaonanso ndi maso anga pa galasi mtsempha wa mwana wanga."

Alamu anaseka, koma mawu awo anali osasa, monga akhala akumvekera miyezi ino. "Ndiye mukufuna ndilengeze kuti mtundu wathu ndi wofumbwa? Ndani akanakwatira mwana wangayu? Ndani angalembe ntchito mnyamata wanuyo? Ine ndamutola, ndamupatsa chochita. Kuthokoza kwake n'kumeneku?"

"Mwamupatsa thumba la simenti mutauzidwa kuti asanyamule."

"Ine ndanyamula simenti moyo wanga wonse. Si ndili pano?"

"Muli pano, dzanja lili kumsana."

Mtsikana uja anasiya kuwerenga misomali. "Adadi, akunena chiyani amayi aang'ono? Mtsempha wake uti?"

"Iwe khala chete."

"Asakhale chete," anatero Atelala. "Azakhali ake anapita khanda lili m'manja. Dokotala akuti mimba imalemetsa mtsempha umenewu kuposa simenti. Mwana wanga, ndinakuyeza ndine diresi la ukwati. Manja ako ndinachita kulumikiza nsalu."

Anyamata anaima pa thabwa. Nsungwi anali atafika pakhomo, thumba likadali paphewa, akupuma mokoka. Atelala sanamukalipire. Anaopa ngakhale kumudzidzimutsa.

"Tsitsa, bambo wanga. Pang'onopang'ono. Usagwire mpweya."

Mnyamatayo anayang'ana mayi ake, n'kuyang'ana bambo ake aakulu, kudikira kuti akuluwo anene kuti zonsezi n'zabodza. Alamu anatsegula kabati, anaitseka, anasuntha bokosi la misomali n'kulibwezera pomwe linali. Pamenepo Nsungwi anapinda mawondo, thumba linatsetsereka n'kugwa pansi, fumbi n'kukwera pakati pawo.

"Bambo aakulu," anatero, "ayankheni amayi."

Alamu anati mutu ukuwapweteka, n'kulowa m'chipinda chosungira malata, n'kukoka chitseko.

Lero Nsungwi amakhala m'kachipinda ka mayi ake, mawondo atagunda tebulo, akuphunzira kudula nsalu ndi zala zake zazitalizo. Amamwa mapiritsi. Wometa tsitsi amamutcha Atelala Aatali, ndipo iye amaseka pang'ono. Akatsokomola, phazi la mayi ake limaima pa makina. Palibe angawauze kuti miyezi ija ya simenti inawonjezera zingati pa mtsemphawo, ndipo lasitiki akatalika sabwerera. Mtsikana uja amuna ake akuti adikire kaye mawu a bambo ake asanapite kukaunikidwa, poti safuna kunyoza apongozi. Mimba siidikira mawu a munthu. Kumudzi kuli ana a mlongo wawo uja, aataliatali, amene sanamve kalikonse. Alamu amatsegula sitolo m'mawa uliwonse, amapereka moni kwa anthu, ndipo anthu amawavulira zipewa.

Atelala sakufuna chipepeso, sakufunanso kuti wina agwade. Funso lawo ndi lomwe lija anafunsa pa benchi ya pakhonde, ndipo tsopano ali nalo ndi anthu ambiri. Inu alamu aakulu, pa 9 Novembala munalowa nokha m'chipinda muja. Itanani ana anu, ana a mlongo wanu ndi mwana wa mng'ono wanu, muwauze ndi pakamwa panu: dokotala anati chiyani, ndipo munabisiranji? Yankhani mtsikanayo asanafike tsiku lake lochira.